Ndiwo Sabwezera M'nyanja

Alamu anga atachitidwa opareshoni ya mtima, tonse tinkayembekeza kuti akadzuka azikamba za Mulungu, za ana, mwinanso zobwerera kumudzi. Iwo anadzuka n'kuyamba kukamba za nsomba.

Alamuwo ndi amuna awo a achemwali anga aakulu. Amakhala ku Speedway, mkati mwa Indianapolis, kufupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto, moti mwezi wa Meyi mawindo a nyumba yawo amanjenjemera ndi phokoso. Asanadwale ankayendetsa basi ya mumzinda. Achemwali amagwira ntchito m'khitchini pachipatala china chachikulu m'tauni. Ine ndine namwino, ndimakhala ku South Bend, ndipo miyezi yonse ya matenda aja ndinkangokhalira pamsewu: ndikaweruka Lachisanu galimoto kuloza kummwera, Lamlungu madzulo kubwerera.

Nkhani ya nsomba anakaitola ku mafizo. Kumeneko odwala mtima amawayendetsa pa makina aja oti munthu umayenda koma osachoka pamalo. Pa makina oyandikana ndi awo pankakhala mkulu wina wachizungu amene anakulira kugombe la kum'mawa, ku New Jersey. Tsiku lina mkuluyo anawaonetsa chithunzi pa foni: iye ali pa boti, atanyamula chinsomba chophwatalala ngati lichero, maso onse awiri ali mbali imodzi ya mutu.

"Mlamu, maso onse awiri kumodzi!" anandiuza Loweruka lina tikudya. "Ngati munthu wagona cham'mbali, diso la pansi n'kutopa ndi mchenga, n'kusamukira pamwamba kukakhala ndi linzake. Dzina lake akuti fulaunda."

"Abambo, zithunzi za pa foni anthu amachita kupanga," anatero achemwali akuwachotsera mchere pafupi, poti adokotala anali atawaletsa. "Mulungu sangalenge nsomba yolakwika chomwecho."

"Ndiye tipite tikaione."

"Tikaione kuti? Ku Indiana kuno mwaonako nyanja ya mchere? Kuno n'chimanga chokhachokha."

Alamu anaika supuni pansi. "Amayi, ndakhala m'dziko lino mpaka imvi, nyanja yaikulu ndimangoiwoloka ndili m'tulo m'ndege. Anthu anditumbula pachifuwa ngati mbuzi, andisoka, ndadzuka. Ndikufuna ndikaione ndi maso angawa, ndikaponyemo mbedza."

Tonse atatu ndife a kumapiri a ku Dedza, kumene nsomba timaidziwa itauma kale, ili pamulu kumsika. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene amatha kusambira. Tinkaganiza kuti nkhaniyo izizira yokha, koma chisanu chinatha, mitengo inaphuka, kunayamba kutentha, alamu ali pomwepo. Adokotala atawauza kuti tsopano akhoza kuyenda ulendo, tsiku lomwelo alamu anandiimbira foni ndili pa shifiti.

"Mlamu, ndabukitsa boti. Lathu lathu, la ife tokha, tsiku lonse."

Ndinamva foni ikulandidwa. "Iwe," anali achemwali tsopano, "upita nawo. Unamwino wakowo sunaphunzire kuti uzithandiza azungu okha. Ine ndikupita kukawalondera abambowa, iwe ukupita ngati chipatala."

Ndinalongedza ngati chipataladi: makina oyezera bipi, mankhwala awo onse, mabandeji, ngakhale bulangeti. Nditafika ku Speedway ndinapeza achemwali nawonso alongedza ngati tikusamuka: mpunga ndi nkhuku, mandasi odzaza beseni, fulasiki ya tiyi, zitenje, nthochi phava lonse, ndi kulabokosi yaikulu yobwereka kutchalitchi, ija amasungiramo zakumwa pa maukwati.

"Bokosi lonseli la chiyani?" ndinafunsa.

"La nsomba. Ukuganiza kuti tiyenda mtunda wonsewu n'kubwerako chimanjamanja?"

Amenewo ndi anthu amene ankati nsombayo kulibe.

Tinanyamuka m'mawa, ine pa chiwongolero. Alamu sanaloledwe kudiraiva, koma anakhala kutsogolo n'kumandidiraivira ndi pakamwa, monga munthu amene wakalambira pa basi: apa ndachedwa kusiginala, apo ndayandikira thiraki kwambiri. Tinadutsa Ohio, minda yomweyomweyo. Tinalowa Pennsylvania, mapiri anayamba, msewu n'kumalowa m'mimba mwa phiri n'kukatulukira tsidya lina. Tikalowa mumdima wa m'phirimo achemwali ankayambitsa nyimbo ya kwaya kuti asaope, alamu n'kulandira ndi besi, ine n'kumaseka mpaka misozi kutseka msewu. Munthu amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankalephera kukwera masitepe a nyumba yake anali kuimba mpaka galasi kunjenjemera.

Tinafika kugombe la New Jersey dzuwa litapendeka. Fungo linayamba kutipeza tisanaone madzi, fungo la mchere ndi matope ndi zinthu zowola bwino. Alamu anandiuza kuti ndiime. Anavula nsapato, anapinda thalauza, anayenda pamchenga mpaka funde linawanyambita mapazi. Anaviika chala n'kulawa.

"Amayi! Muli mcheredi! Nanga amene anathira ndani?"

"Lavulani msanga, adokotala anakuletsani," anakuwa achemwali ali patali, atakumbatira chikwama pachifuwa.

Tinagona ku motelo, ndipo m'mamawa tinali padoko. Mwini boti, amene tinkawatchula kuti akaputeni, anali mayi wojintcha, nkhope itapsa ndi dzuwa mpaka kufiira ngati njerwa, mawu osasa ngati a munthu amene wakhala akukuwa moyo wake wonse. Anatilandira ndi chisangalalo, anathandiza kukweza bokosi, anatamanda fungo la mandasi. Koma ataona nthochi anaima njii, n'kutambasula dzanja.

"Nthochi ayi. Nthochi sizikwera boti langa. Zimabweretsa tsoka, nsomba zimathawa."

Achemwali anandiyang'ana, kukamwa yasa. "Akuti chiyani? Ndamva bwino? Kodi azungu nawonso ali ndi zoletsa zawo?" Anaseka chikhakhali mpaka kugwira mtengo wa padoko. "Zaka zonsezi akutiseka ife kuti timakhulupirira malodza!"

Koma kutaya chakudya achemwali sadziwa. Anathyola phava lija n'kutigawira pomwepo. Alamu anadya imodzi n'kunena kuti mankhwala awo sagwirizana ndi nthochi zambiri, ndipo zinali zoona, ndine amene ndinawauza zimenezo. Achemwali anadya ziwiri. Zotsala zonse zinagwera ine, ndinazimeza ndili chiimire, akaputeni akundiwombera m'manja.

Tinavala majekete oyandamitsa, achemwali n'kumanga chitenje pamwamba pa yawo. Injini inalira, boti linayamba kuyenda pakati pa maboti ena, madzi ali bata ngati m'beseni. Ndinati m'mtima, kodi zimene anthu amaopa n'zimenezi? Ndinatulutsa makina a bipi, ndinawayeza alamu, zonse zili bwino. Kenaka tinadutsa pamene miyala ya doko imathera, n'kulowa m'nyanja yeniyeni.

Funde loyamba linatinyamula pang'onopang'ono ngati chikepe cha kuchipatala, n'kutisiya. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu nthochi zija zinayamba kukambirana m'mimba mwanga. Ndinayesa kuyang'ana patali monga anandiuza akaputeni, koma patalipo napo pankapendama. Sipanapite nthawi, ndinali nditagwada m'mbali mwa boti, mutu kunja, ndikubweza nthochi zonse, tiyi wa m'mawa, mpaka nkhuku ija tinadyera ku Ohio.

Ndinamva dzanja likundigwira jekete kumbuyo kuti ndisagwere m'madzi. Anali alamu, wodwala wanga.

"Anamwino," anatero mwaulemu wabodza, "mukumva bwanji m'thupi? Tikuyezeni bipi? Amayi, tapatseni anamwinowa bulangeti lija anabweretsera ine."

"Alamu, ndisiyeni ndife," ndinayankha.

"Simufa. Kufa ndikukudziwa ine, ndinakafika pachipata. Uku n'kusanza chabe."

Anandigoneka pabenchi, anandifunditsa bulangeti lija, achemwali anandiika kansalu konyowa pamphumi akuseka mpaka phewa kugwedezeka. Iwo awiri, mafunde sanawachite kanthu. Ankangoyendayenda m'botimo ngati ali m'khitchini mwawo.

Titafika pamalo ake, akaputeni anazimitsa injini. Kunangoti zii, kumveka madzi okha akumenya m'mbali mwa boti ndi mbalame zoyera zikulira pamwamba. Anafotokoza kuti fulaunda imagona pansi penipeni, itadzikwirira mumchenga, maso okha ali pamtunda kudikira tinsomba todutsa. Ndiye boti amalisiya kuti lizitengeka ndi madzi, munthu n'kutsitsa nyambo ndi kachitsulo kolemera mpaka kagunde pansi, n'kumakweza ndi kutsitsa ndodo pang'onopang'ono kuti nyamboyo izivina pamchenga. Ukamva ngati chingwe chalemera, usakoke msanga, uipatse mpata imeze.

"Mwamva, amayi?" anatero alamu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine sindinabwerere kuwedza," anayankha achemwali. "Ndabwerera inu."

Koma akaputeni anali atawaikira kale ndodo m'manja, ndi nyambo yoyera yoterera pambedza. Achemwali anaigwira ndodoyo ngati mthiko, akuyang'ana amuna awo, osati madzi. Ine ndinkaonera zonsezi ndili chigonere, diso limodzi lotsegula.

Mwadzidzidzi achemwali anakuwa. "Mayo! Pali munthu akukoka!"

"Pukusani! Pukusani!" anakuwa akaputeni, akuwasonyeza kagudumu kokulungira chingwe. Achemwali anapukusa, akupondaponda ngati apsa mapazi. Kenaka m'madzi obiriwira munaoneka chinthu chofiirira, chophwatalala, chikukwera chikugwedezeka ngati tsamba la fodya. Akaputeni anachiwola ndi kaukonde n'kuchigwetsera pansi pa boti, phwa!

Ndinadzuka, nseru ndi nseru. Tonse atatu tinaizungulira titawerama. Pamwamba inali ya mtundu wa mchenga, ya mawangamawanga. Alamu anaitembenuza: kunsi yoyera mbee, yopanda diso, yopanda kanthu. Anaibweza: maso awiri, onse kumodzi, atayandikana ngati anthu akunong'onezana, kukamwa kopotoka kodzaza mano osongoka.

"Ambuye, ndikhululukireni," anatero achemwali motsitsa. "Munailengadi."

Alamu ankangoiloza ndi chala, n'kuloza akazi awo, n'kuilozanso, mano onse pamtunda.

Apa akaputeni anaitenga nsomba ija n'kuigoneka pa rula yokhomeredwa m'mbali mwa boti, mphuno kumapeto, mchira kuloza kamzere kofiira. Mchira sunafike pakamzerepo. Anapukusa mutu, anachotsa mbedza mosamala, ndipo tisanazindikire chimene chikuchitika, anaiponya m'madzi. Khuvu! Inapita.

Sindinawaonepo achemwali ali chomwecho. Anayang'ana m'madzi, anayang'ana akaputeni, anayang'ana bokosi lathu la kutchalitchi lili chitsegulire.

"Iwe, mayiyu wachita chiyani?"

"Akuti ndi yaifupi, achemwali. Lamulo la boma. Yosafika pakamzerepo amaibweza kuti ikule."

"Yaifupi? Nsomba yodzaza mbale yaikulu ija? Kwathu imeneyo akudya banja lonse ndi alendo omwe!" Anatembenukira kwa akaputeni n'kuyamba Chingerezi chawo cha m'khitchini, chothamanga, chosakaniza ndi manja. Anawauza kuti iwo achokera ku Indiana, adutsa m'mimba mwa mapiri, adya nthochi mokakamizidwa, ndipo ndiwo sabwezera m'nyanja. Akaputeni anamvetsera mpaka kumapeto, akudziluma milomo kuti asaseke.

"Mayi, ndikukumvetsani," anatero. "Koma ndikasunga yaifupi, apolisi a panyanja andilanda boti, inu mubwerera ku Indiana wosambira. Gwirani yaikulu. Zilimo."

Achemwali anamanganso chitenje, mwamphamvu tsopano. "Ndipatseni nyambo," anatero. Kuyambira pamenepo amuna awo anawaiwaliratu.

Alamu nawo chingwe chinalemera. Anapukusa mwaulemu, akumwetulira, akundiuza kuti ndikonze foni ndijambule. Chimene chinatuluka sichinali fulaunda. Chinali chinsomba chofiira, mutu waukulu wolimba ngati chigoba, mapiko otambalala ngati a mbalame, ndi timiyendo kunsi kwa khosi. Chitagwera m'boti chinayamba kulira, ng'orr, ng'orr, ngati chule.

Achemwali analumpha n'kukwera pabenchi pamene ndinagona ine. "Imeneyo ndiye bwezani! Bwezani msanga! Nsomba yanji yokhala ndi mapiko, miyendo, n'kumayankhulanso? Imeneyo yachita kutumidwa!"

"Amayi, si inu mumati ndiwo sabwezera m'nyanja?"

"Imeneyo si ndiwo!"

Akaputeni anati zoterozo zilimo zambiri ndipo ena amadya, koma achemwali sanatsike pabenchi mpaka itabwerera kwawo. Ine kuseka ndi kusanza zinakumana pakhosi, ndinasowa choyamba.

Dzuwa linakwera. Akaputeni ankati tikatengeka kwakanthawi, n'kuliza injini kubwerera pamene tinayambira, n'kuzimitsanso. Achemwali anagwira ina, yaifupi. Inanso, yaifupi. Iliyonse ankaiperekeza ndi mawu. "Pita ukaitane amako." Ina anaiuza kuti, "Ukadye, ukule, usamachititse manyazi makolo ako." Ina inatsala pang'ono kwambiri kufika pakamzere, ndiye akaputeni atatembenuka kuti atenge chochotsera mbedza, ndinawaona achemwali akuikoka mchira ndi zala ziwiri, kwinaku akuisisita pamsana ngati akusita malaya.

"Ndakuonani," anatero akaputeni osatembenuka n'komwe.

"Ndimangoiwongola," anayankha achemwali. "Inapindika."

Alamu ankangokoka zamapiko zija, imodzi pambuyo pa inzake, ngati zinamva kuti kwabwera mbale wawo. Sanadandaule. Anavula chipewa, mphepo ikuwomba pa dazi, akuimba chapansipansi.

Chakumasana ndinamwa tiyi pang'ono n'kudya ndasi limodzi, ndipo linakhala. Akaputeni anadya mandasi angapo motsatizana n'kufunsa ngati achemwali angawalembe ntchito. Ndi nthawi imeneyo pamene ndodo ya achemwali inapindika mpaka nsonga kuloza m'madzi.

"Ndakola mwala," anatero. "Iwe, auze kuti ndakola mwala."

Akaputeni anayang'ana nsonga ya ndodo. Inagwedezeka kawiri, mwamphamvu, ngati munthu akugogoda pachitseko. Anataya ndasi lili m'manja n'kuthamangira ukonde waukulu.

"Si mwala! Musakoke mwamphamvu, musasiyenso! Pang'onopang'ono! Ndodo m'mwamba!"

Achemwali anaika tsinde la ndodo pamimba n'kuyamba kupukusa. Chingwe chinkabwera pang'ono, kenaka n'kuthawanso, kagudumu kakulira. Thukuta linatsika. Chitenje chinamasuka n'kugwera kumapazi, iwo osachiona. Ankayankhula okha, Chichewa chokhachokha: "Bwera kuno. Bwera, mayi. Ana ako ndawabweza onse, sindinadye ndi mmodzi yemwe. Bwera tikambirane." Alamu anawagwira m'chiuno kumbuyo, ine ndinagwira alamu jekete, tonse atatu titalumikizana ngati ana akusewera sitima.

Itaonekera pansi pa madzi ndinaganiza kuti ndi chiguduli chopondera pakhomo chimene wina anataya. Inali yaikulu, yakuda, yotambalala. Itaona boti inatembenuka kufuna kubwerera pansi, achemwali anakuwa, akaputeni anagwada n'kulowetsa ukonde kumutu kwake, n'kunyamula ndi manja awiri. Inagwera m'boti ngati thumba la ufa, n'kuyamba kumenya pansi ndi mchira, pha! pha! pha! madzi kutithovukira kumaso.

Akaputeni anaigoneka pa rula mwamwambo chabe. Mchira unapitirira kamzere kofiira, unapitirira rula yomwe, n'kukalendewera kunja.

Achemwali analuluta. Nthungululu yeniyeni ya ku Dedza, pakati pa nyanja ya mchere, mpaka mbalame zinabalalika. Anatola chitenje n'kuyamba kuvina mozungulira nsombayo, boti likupendama uku ndi uku. Anthu a m'boti lina limene linali chapafupi anaimirira kuti aone chachitika n'chiyani, akaputeni anainyamula m'mwamba kuwaonetsa, iwo analiza hutala. Achemwali anawabayibitsa ngati mkwatibwi.

Nditatembenuka ndinaona alamu atakhala pansi penipeni pa boti, atatsamira bokosi, dzanja lili pachifuwa, mutu uli pansi, mapewa akugwedezeka. Nseru inandithera pomwepo. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinawagwira pamkono kufuna kumva kugunda kwa mtima.

"Alamu! Mukumva kupweteka? Pati? Ndiyang'aneni!"

Achemwali anasiya kuvina.

Alamu anadzutsa mutu. Misozi inali mbwee m'masaya, koma anali kuseka, kuseka kuja kopanda mawu koti munthu mpweya umamuthera.

"Mtima sukupweteka, mlamu," anatero atapeza mpweya. "Ukugunda basi. Taugwirani muumve. Ukugunda ngati wa mnyamata." Anatenga dzanja la akazi awo, lonunkha nyambo, n'kuliika pachifuwa pawo pamwamba pa chipsera. "Amayi, ine ndimaganiza kuti sindidzakuonaninso mukuvina."

Achemwali anakhala pansi pambali pawo m'madzi a nsomba momwemo. Anawamenya kambama kopepuka paphewa. "Mwandiopsa, inu," anatero. Ndinawayezabe bipi, poti ndi imene ndinabwerera. Inali bwino kuposa yanga.

Madzulo asanafike achemwali anagwiranso ina yofika pamzere, ndipo ine, nditalimba mtima n'kugwira ndodo, ndinakola yanga osadziwa n'komwe. Ndinkangoona ngati chingwe chakodwa m'zinyalala. Inafika pakamzere ndendende, ndipo ndinakuwa kuposa mmene ndinkaganizira kuti munthu wophunzira angakuwe. Alamu, mwini ulendo, sanagwire fulaunda yoti n'kusunga ngakhale imodzi. Anagwira zazifupi ziwiri kapena zitatu, anazipsompsona pamutu n'kuzibweza okha.

Titabwerera padoko akaputeni anayamba kutikonzera nsombazo pathebulo la pomwepo. Mpeni wawo unkayenda ngati ukudula batala: mnofu woyera uku, mnofu woyera uko. Kenaka ananyamula mutu wa yaikulu ija pamodzi ndi mafupa ake onse, n'kukweza dzanja kuti aponyere mbalame zimene zinali zitasonkhana kale.

Achemwali anawagwira dzanja lili m'mwamba.

"Mayi," anatero m'Chingerezi chodekha kwambiri, "zazifupi mwandilanda, ndavomera, ndi lamulo. Kodi palinso lamulo loti mutu ndi wa mbalame?"

Akaputeni anati palibe. Anafunsa kuti mutuwo tikautani. Achemwali anawafotokozera: tomato, anyezi, moto wapansipansi, msuzi wake woti munthu umadziluma chala. Akaputeni anamvetsera mwachidwi, kenaka anapita kumaboti oyandikana nawo n'kubwerako ndi ndowa yodzaza mitu imene ena anali pafupi kutaya. Bokosi la kutchalitchi linadzaza mpaka chivindikiro tinachita kuchikhalira. Achemwali anawasiyira beseni la mandasi otsala, ndipo awiriwo anakumbatirana ngati anakulira nyumba imodzi.

Pobwerera tinkaima pafupifupi pa filing'i siteshoni iliyonse kugula ayisi, poti achemwali ankati akumva nsomba zikutentha. Nkhani ya yaikulu ija inayamba kukula tisanatuluke Pennsylvania. Pofika ku Ohio inali itakoka boti. Pofika ku Indianapolis achemwali anali atalimbana nayo kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, anthu anatitsatira ku Speedway, magalimoto mpaka kutseka msewu. Minofu inakazingidwa, koma mkangano unali pa mitu. Azibambo akuluakulu, ena madokotala, ena aphunzitsi a ku yunivesite, anakhala m'galaja pamipando ya pulasitiki, malaya atapinda, akuyamwa mafupa mosayankhulana. Ana obadwira kuno ankasuzumira mumphika n'kuthawa akukuwa m'Chingerezi. Alamu anapatsidwa gawo lawo lopanda mchere, ndipo ankayendayenda ndi foni kuonetsa aliyense chithunzi cha nsomba yamapiko, n'kumailira mmene inkalirira.

Ine ndinanyamuka dzuwa likadalipo, kagawo kanga kali m'kabokosi pampando wakumbuyo. Msewu wa ku South Bend ndi wowongoka, minda mbali zonse, koma ndinkaona ngati galimoto ikukwera ndi kutsika pa mafunde. Nditafika kunyumba ndinaima m'khitchini kuti nditsuke kapu, pansi n'kupendama. Ndinagwira sinki ndi manja awiri. Ndinaimbira achemwali.

"Achemwali, nyumba yanga ikuyenda."

"Yathunso," anatero. "Alamu ako agwera pa sofa kawiri. Akuti usawauze adokotala."

Kumbuyo ndinkawamva alamu akuseka. Ndinakhala pansi pakhitchinipo, nsana kutsamira kabati, foni kukhutu, nane n'kuyamba kuseka, mpaka aneba a nyumba yoyandikana anagogoda khoma.